Timu Imene Madamu Adatisiyira

Madamu adabwera pasukulu yathu ya ku Nkope ndili Sitandade sikisi. Adatsika basi ndi sutikesi yachitsulo, matiresi okulunga ndi chingwe, ndi mpira wachikopa m'kathumba. Adali mayi wamfupi, wosakwatiwa, wochokera kumpoto, kumapiri kozizira kupitirira Mzuzu. Kutentha kwa kwathu kudawasautsa kuyambira tsiku loyamba. Ankaphunzitsa atagwira kansalu kopukutira thukuta kudzanja lamanzere, choko kumanja.

Tsiku loyambalo tidawaseka. Wina atayankha molakwika, iwo adati "yayi" m'malo mwa "ayi", kalasi yonse n'kugwa nacho chikhakhali. Adadikira kuti titonthole.

"Sekani mumalize," adatero. "Mawa ndiseka ine. Chichewa chanuchonso n'chobwereka ngati changachi."

Adanena zoona. Kunyumba tinkalankhula Chiyao, Chichewa tinkachivala pamodzi ndi yunifolomu. Kuchokera tsikulo tidayamba kuwamvera.

Pasukulupo padali bwalo la ntchemberembaye, koma lidali la dzina chabe. Mtengo umodzi wa golo udadyedwa ndi chiswe, winawo udapendama, ndipo mbuzi zinkagona pakati pa bwalo. Madamu adapempha mitengo iwiri ya bulugama kumishoni, zitsulo zozungulira adakapinditsa kwa wowotcherera ku boma. Kenako adayamba kusankha atsikana. Ine adandisankha chifukwa cha liwiro, nati ndidzakhala senta, woyendetsa mpira pakati pa bwalo. Adasankhanso mnzanga wina wamtali kwambiri amene ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Mtsikanayu adali ndi chibwibwi, ndiye sankalankhula pagulu. Anyamata ankamunena kuti mlongoti, iye n'kumayenda chowerama kuti afupike.

Ababa adakana. Adali asodzi, anthu a kumzikiti, ndipo sadaone chifukwa choti mwana wamkazi azidumphadumpha amuna akuonerera. Nditawauza madamu, sadanditume kuti ndikapemphenso. Adapita okha kugombe, nawapeza ababa atatambalala pamchenga akusoka ukonde. Adagwada chapatali n'kuwalonjera m'Chiyao chopotoka chimene adaphunzira kwa ife.

"Ndabwera kudzabwereka mwana," adatero.

"Akachite chiyani?"

"Athamange, aphunzire kugwa n'kudzuka."

"Kugwa amadziwa kale," adatero ababa osakweza mutu. "Nanga zovala?"

"Lamulo la boma likuti siketi ibise mawondo. Zathu zidzatsika kupitirira apo. Mudzaona nokha musanalole."

Ababa adamanga mfundo zingapo. Kenako adati, "Tsiku limene ndidzamve kuti wajomba ku madrasa, mpira udzathera pomwepo."

Madamu adayenda chomwecho khomo ndi khomo mpaka timu idakwana. Ndipo popeza masana tinkapita ku madrasa, zothamanga adaziika m'mawa dzuwa lisanapse, za mpira madzulo tikaweruka kwa ashehe.

Sindidzaiwala mchenga wa m'mawa uja. Tinkakumana kugombe nthawi imene mabwato a usipa akubwerera, amayi ataima ndi mabeseni. Madamu sankatilola kuthamanga m'mphepete mwa madzi momwe mchenga ndi wolimba. Ankati umenewo ndi wa alendo a kuhotela. Wathu udali wouma uja, wotitimira, umene umakoka chidendene ngati uli ndi manja. Masiku oyamba atsikana awiri adasanza. Ine akatumba adauma moti pokhala pansi ndinkachita kugwira khoma. Amao, mayi anga, ankandiseka, komabe ankandifunditsira madzi.

Madamu sankaima pamthunzi n'kumaimba wezulo. Ankathamanga nafe, kumbuyo kwenikweni, pambali pa amene watsalira. Sankamukalipira. Ankangomuuza kuti, "Fika pabwato lofiiralo." Akafika, "Tsopano pathandalapo." Thandala ndi nsanja zoyanikapo usipa, ndipo gombe lathu lidali nazo zambirimbiri, ndiye mtunda wonse unkatha wotsalirayo akungothamangira thandala lotsatira.

Zochita zawo zidali zambiri, zina zachilendo. Ankatikweza pabwato lovundikira kuti tidumphe n'kutera pansi osasuntha phazi, chifukwa m'masewerawa ukagwira mpira suyenda nawo. Ankatilowetsa m'madzi ofika m'mawondo kuti tiziponyerana mpira, ndipo wougwetsa ankabwerera kumchenga wouma. Mwera ukayamba kuwomba, nyanja n'kuchita thovu, asodzi n'kukokera mabwato kumtunda, madamu ankasangalala. Ankati tsiku limenelo ndi la ogoletsa, aphunzire kuponya mphepo ikukankha mpira.

Ine vuto langa lidali pakamwa. Wina akataya mpira ndinkamulalatira. Madamu adandiika ukaputeni, kenako n'kundilamula kuti kwa sabata yathunthu ndisewere osatulutsa liwu.

"Ukamakalipa, anzako amayang'ana iwe m'malo moyang'ana mpira," adatero. "Tseka pakamwa uone zimene ukhala ukuona."

Ndidaona zambiri. Ndidaona kuti wina amagwira bwino mpira wobwera cham'munsi, wina amachita mantha ukamadza kumaso, wina amatopa msanga tsiku limene kwawo sadadye. Zonsezi zidalipo kale, koma ndinkaziphimba ndi phokoso langa.

Masewero athu oyamba tidasewera ndi sukulu yoyandikana nayo. Mnzanga wamtali uja, amene pokonzekera sankaphonya, adayamba bwino. Kenako anyamata a kumeneko adamva wina akumuitana, iye n'kuyankha mwachibwibwi. Adapeka nyimbo pomwepo, yomuyeseza malankhulidwe, akuwomba m'manja. Mnzangayo adasokonezeka. Adaphonya, naphonyanso, kenako adasiya mpira pansi n'kutuluka m'bwalo akulira. Tidagonja moipa.

Lolemba lake madzulo tidapeza anyamata a Sitandade eyiti pasukulu yathu ataima mozungulira golo. Adawaitana ndi madamu. Adawauza kuti aimbe nyimbo yomwe ija, mokweza, pafupi ndithu ndi wogoletsa. Mnzangayo adaima ndi mpira, misozi ikutsika. Ine mtima udandipweteka, ndidapita kwa madamu.

"Mukumuzunza," ndidatero.

"Ndikudziwa," adayankha motsitsa mawu. "Koma kunjaku akamuzunza kuposa apa, ndipo ine sadzandilola kulowa m'bwalo kukamugwira dzanja."

Adapita kwa mnzangayo n'kumuimika bwino. Adamuuza kuti aponde pansi ndi mapazi onse, atulutse mpweya, ayang'ane mkombero wakumbuyo wa chitsulo, osati anthu. "Sankha liwu limodzi limene silikukanika kutchula. Ulinene mumtima, kenako ponya. Usandiuze ine, usauze aliyense."

Tsiku limenelo sadagoletse ngakhale kamodzi. Mawa lake adabwera, ngakhale ine ndinkaganiza kuti sitidzamuonanso. Anyamata aja adaimba masiku ambiri. Pang'onopang'ono mpira udayamba kulowa. Tsiku lina adaimba mpaka mawu kusasa, iye akungogoletsa, nkhope ili phee ngati akusankha mpunga. Nyimbo idazilala yokha, ndipo tidangozindikira anyamatawo ayamba kuwerenga zigoli mokuwa. Patapita nthawi ndi pamene ndidamva kuti madzulo onse aja, ife tikabalalika, madamu ankapita naye kunyumba kwawo, kumuphikira tiyi ndi kumuluka tsitsi. Palibe adatiuza. Tidangoona kuti wayamba kuyenda chowongoka.

Mwezi wa Ramadhani zothamanga zinkaima. Tinkakhala pansi pa mlambe wa kuseri kwa sukulu, madamu n'kujambula bwalo padothi, zitsekerero za mabotolo n'kukhala osewera. Nthawi zina ankatiuza kuti titsinzine.

"Mpira uli ndi senta wawo. Iwe uli pati? Wakudutsa. Ukutani tsopano? Atsogola, nthawi yatsala pang'ono, mwendo ukuwawa. Ukuganiza chiyani?"

Aliyense ankayankha ali chitsinzinire. Woyankha kuti "ndikuganiza kuti taluza" sankadzudzulidwa. Ankangofunsidwa kuti, "Chabwino, waganiza. Nanga mapazi ako akupita kuti?"

Iwo adali Mkhristu, koma mwezi wonsewo sadamwepo madzi ife tikuona, ngakhale milomo yawo inkachita kuuma. Pa Idi amayi athu ankawatumizira mpunga ndi nkhuku, mbale zochuluka moti ankagawira aphunzitsi anzawo.

Chaka chachiwiri tidayamba kupambana. Tidagonjetsa sukulu ija idatiimba nyimbo, kwawo komweko. Pomaliza pa sukulu za m'dera lathu tidakumana ndi atsikana a cha ku Nkopola, amene makolo awo ambiri ankagwira ntchito m'mahotela. Iwo adali ndi nsapato zoyera, ife tidali opanda nsapato. Titafika pabwalo lolimba miyendo yathu yozolowera mchenga idapepuka ngati tatula katundu. Tidawatopetsa, tidapambana, ndipo tidauzidwa kuti tikasewera ku boma ndi opambana a madera ena. Ababa, amene sadaonererepo masewero athu, adafunsa madzulo ake kuti, "Ndiye ku bomako mupita pa chiyani?" Kenako adakalankhula ndi mnzawo wogula nsomba amene adali ndi lole.

Tili mkati mokonzekera, m'mawa wina pa asembule, titaimba nyimbo ya fuko, ahedi adatsokomola n'kunena kuti kwabwera lamulo kuchokera kumwamba. Aphunzitsi onse ochokera kumpoto abwerere kwawo, akaphunzitse kumeneko. Adanena mwachangu, maso ali pansi, kenako adatiuza kuti tilowe m'makalasi. Pasukulu pathu wakumpoto adali mmodzi yekha. Adaima pamzera wa aphunzitsi manja ali kumbuyo, osagwedezeka.

Masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa. Nditafika kunyumba ndidayamba kudandaula mokweza, amao n'kunditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha utsi. Adasuzumira panja, nati, "Ukufuna atate ako akagone kuti?" Sitidakambenso.

Madzulo a tsikulo tidapita kubwalo tikuganiza kuti kukhala kutsazikana. Madamu adafika ndi mpira monga mwa masiku onse. Mtsikana wina adayamba kusisima.

"Kodi wavulala?" adafunsa.

"Ayi, madamu."

"Ndiye ima pamalo pako."

Adatigwiritsa ntchito kuposa tsiku lina lililonse. Adabwereza zonse, kutera, kuponya, kutchinga, ndipo nthawi iyi chilichonse ankachifotokoza akuyang'ana ine. Ankanena chifukwa chake chinthu ichi chimayamba, icho n'kutsatira. Pomaliza adangoti, "Mwachita bwino. Pitani kwanu."

M'mawa wa tsiku lonyamuka amao adandipatsa dengu la utaka wouma kuti ndikapereke. Ndidawapeza atamanga kale katundu. Nyumba idali mbee, pakhoma patangotsala misomali. Adalandira dengulo ndi manja awiri.

"Ukawauze amayi kuti yewo chomene. Kwathu nsomba zotere n'zosowa."

Ndidakhala pakhonde. Mawu onse amene ndidakonza m'njira adathawa. Iwo adatulutsa mpira uja m'kathumba n'kuuika pamiyendo panga.

"Umaphwa msanga. Pampu ukabwereke kwa wokonza njinga. Lachitatu muyambe ndi mchenga, musadumphe. Wamtaliyo usamamuyamikire kwambiri akagoletsa, amasokonezeka. Ungomupatsa mpira wina."

"Madamu, sitingathe tokha."

"Mwina simutha," adatero. "Koma mupite."

Belu la sukulu lidalira ndipo adandiuza kuti ndithamange ndingachedwe. Lole yodzawatenga idabwera tili m'kalasi ya masamu. Tidaimva ikuima, tidamva sutikesi yachitsulo ikukhulidwa, tidaimva ikunyamuka. Aphunzitsi a masamu adasiya kulemba, choko chili pabolodi, mpaka phokoso lidazimirira cha kumsewu waukulu. Kenako adapitiriza.

Ahedi adapereka timu kwa bambo wina wachikulire amene ankaphunzitsa zaulimi. Adali munthu wachilungamo. Tsiku loyamba adandiitana nati, "Mwanawe, ine mpira uwu sindiudziwa. Ndizikhala apa kuti pasakhale wokuvutitsani. Zinazo chita ndiwe." Ankakhala pansi pa mtengo n'kumachonga makope.

Lachitatu lija kugombe tidafika anayi okha. Ndidakwiya, koma ndidakumbukira momwe timuyi idayambira. Madzulo ndidayenda khomo ndi khomo. Wina adati alibe mphamvu, wina adati n'zopanda phindu, wina adandifunsa kuti wandiika uphunzitsi ndani. Amene adandithandiza ndi mnzanga wamtali. M'mawa mwake adadzuka kusanache bwino n'kumakaima pakhomo pa aliyense, osalankhula, mpaka mwiniwakeyo achite manyazi atuluke. Pofika kumapeto a sabata tidakwana.

Wezulo ndidalibe, ndinkawomba m'manja. Ndidazindikira kuti kuthamanga kumbuyo n'kovuta kuposa kutsogola, chifukwa miyendo imafuna kupita koma uyenera kudikira wotopayo. Ndidazindikiranso kuti madamu ankadziwa nthawi yoleka, pamene ine sindinkadziwa. Tsiku lina ndidawathamangitsa mopitirira mpaka wotchinga kumbuyo wathu adabinya bondo. Adachira, koma masiku otsalawo adasewera atamanga nsalu. Nthawi zambiri ndinkatembenuka kuti ndifunse, n'kupeza kuti kumbuyo kwanga kuli mabwato okha.

Ku boma tidapita pa lole ya nsomba ija, titakhala pamasaka. Bwalo lake lidali lalikulu, anthu ochuluka kuposa amene tidawaonapo. Masewero oyamba tidapambana. Achiwiri tidakumana ndi sukulu ya m'tauni momwemo, ya ana a asilikali ndi a m'maofesi, atsikana odya bwino, okhala ndi aphunzitsi awiri ovala zamasewero. Owachemerera adayamba ndi nyimbo yoti tikununkha usipa. Imeneyo sidatipweteke, tidali titaimva kangapo. Kenako wina amene adamva nkhani yathu adakuwa kuti, "Aphunzitsi anu ali kuti? Adawapitikitsa."

Ndidamva kutentha m'maso. Mpira wotsatira ndidauponya dala mwamphamvu, n'kupita kunja. Wina ndidauponya m'manja mwa mdani. Nthawi yopuma idakwana. Bambo a zaulimi aja adatigawira madzi. Ndiye mnzanga wamtali adandigwira pamkono. Adalimbana nawo mawuwo nthawi yaitali, tonse tikudikira.

"Ma-mapazi ako," adatero. "Akupita kuti?"

Tidabwerera m'bwalo. Chigawo chachiwiri ndi mpira wabwino koposa umene ndidasewerapo. Phokoso lidalipo koma lidali ngati mvula padenga la eni. Mpira uliwonse umene ndidampatsa mnzangayo adaugoletsa, ndipo ine sindidamuyamikire, ndinkangomubweretsera wina. Tidawayandikira kwambiri. Koma zigoli zimene tidataya poyamba zidali zambiri, ndipo wezulo womaliza adalira iwo akadali patsogolo pang'ono.

Pobwerera sitidalire. Tidakhala pamasaka aja fumbi likutithira, wina adayambitsa nyimbo ya kuchinamwali, tonse n'kulandira. Titadutsa pamphambano ya kusukulu ndidaona nyumba ya madamu ija, chitseko chili chotseka, ndipo mpamene chidandifika pamtima kuti palibe woti tikamuuze. Keyala yawo sitinkaidziwa. Ngakhale tikadaidziwa, palibe kholo likadalola mwana wake kulemba kalata yopita kumeneko masiku amenewo.

Chaka chotsatira timu idabalalika. Ena adakwatiwa, ena adalephera mayeso, ine ndidasankhidwa kupita kusekondale, ndipo pambuyo pake ndidakhala namwino. Mnzanga wamtali adakwatiwa ndi wamalonda wa ku Chiponde, kumalire ndi Mozambique.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, anthu atayamba kulankhula momasuka, ndidayamba kufunsa. Ntchito idanditengera ku Mzuzu kangapo, ndipo paliponse pamene ndakumana ndi mphunzitsi wopuma ndinkatchula dzina lawo. Koma dzinalo n'lofala kumeneko, ndipo mudzi wawo sindidaudziwe. Tili ana sitidaganizepo zofunsa kuti madamu kwawo kwenikweni n'kuti. Wina adandiuza kuti adakwatiwa ku Zambia. Wina adati akukumbukira mayi wamfupi wokonda mpira amene adamwalira kalekale, koma sadatsimikize kuti ndi yemweyo. Ndidafika poti pa depoti ya basi ndinkayang'anitsitsa mayi aliyense wamfupi wa imvi, mpaka ena kundifunsa ngati tikudziwana.

Zaka zingapo zapitazo ndidapita ku Chiponde kumaliro a wachibale. Pobwerera ndikudikira galimoto, ndidaona mayi wamtali atakhala pa benchi kuseri kwa mulu wa zitenje, njinga zamoto zikudutsa uku ndi uku. Ndidamuzindikira ndi mapewa. Adandiyang'ana, nayika dzanja pakamwa, kenako adandikokera pabenchipo. Adatuma mdzukulu wake kukagula tiyi ndi mandasi. Tidawerengana ana, tidatchula amene adatisiya. Chibwibwi chidakalipo, koma tsopano amalankhula osachita nacho manyazi, ndipo ndidamumva akutsutsana mtengo ndi ogula m'zinenero zitatu.

"Udawapeza?" adafunsa, osatchula kuti ndani.

"Ayi."

Adayamba kupinda chitenje chimene wogula adachisiya chotambasula.

"Ukadawapeza ukadawauza chiyani?" ndidamufunsa.

"Kuti tidapita," adatero. "Iwo sadziwa kuti ku boma kuja tidapita."

Galimoto yanga idadzaza, kondakitala akuitana. Adandiperekeza mpaka pakhomo la minibasi, nandipatsa chitenje chimodzi chobiriwira, n'kukana kuti nditsegule chikwama. Tikunyamuka ndidamuona akubwerera kubenchi yake, mutu wake uli pamwamba pa anthu onse a pamsikapo.